Mawu Atatu pa Tepi Yakale

Pa chitseko cha ofesi yake ku Tbilisi
palibe dzina, pali kapepala kolemba ndi bolopeni:
Musagogode, makina akumvetsera.

Lamara Kvitsiani wakhala m'chipindamo zaka makumi awiri ndi zinayi
pamodzi ndi matepi onunkha nkhungu,
ojambulidwa kumapiri a Svaneti iye asanabadwe,
amuna ataima mothithikana,
akuimba ngati akukankhana ndi mapewa.

Ndinafika kwa iye ndili mwana wasukulu,
wakuthwa pa masamu, gonthi pa nyimbo.
Anandipatsa mpando wotsimphina mwendo umodzi
ndi ntchito yowerenga zimene kompyuta yalavula usiku.

Chaka choyamba kompyutayo inali yamwano.
Ikamva liwu lagwera pakati pa mabatani awiri a piyano
inkalemba kuti: walakwitsa.
Nkhalamba zisanu ndi zitatu, zonse zili m'manda,
kulakwitsa pamalo amodzimodzi!
Lamara anaseka mpaka khofi kumutayikira pa siketi.
"Mudzi wonse ukaphonya mofanana," anatero,
"wophonya ndi amene wagwira muyeso."
Tinayamba kuiphunzitsa mwatsopano,
pang'onopang'ono, monga mwana wokulira kuchilendo
amene wabwerera kwawo lilime litauma.

Pepala limene linabadwa pamenepo
lili ndi masamba khumi ndi anayi okha.
Lero akuti latchulidwa m'mapepala ena zikwi zitatu ndi kanthu.
Akuluakulu a yunivesite amaikonda nambalayo,
amaipachika pakhoma alendo akamabwera.
Wina ku Chennai anabwereka njira yake
kuyezera mmene oimba akwawo amapindira liwu,
wina ku Izmir anaisokerera chigamba kuti ikwane zitoliro zakwawo,
wina anaitsutsa m'masamba makumi anayi,
ndipo uyu ndiye Lamara amamukonda
poti ndi yekhayo anawerenga mpaka kumapeto.

Koma ine chimene chinandikanirira m'mutu
ndi Lachinayi lina, mazenera atachita nthunzi ndi kuzizira.
A Besarion anatsika kumapiri pa minibasi, tsiku lathunthu panjira,
chipewa cha ubweya atachifumbata m'manja.
Anamva kwa mdzukulu wawo kuti kuno kuli makina
otha kusolola liwu limodzi pakati pa atatu.
Mkulu wawo, Otar, ankaimba lapakati.
Chipale chogumuka paphiri chinamukwirira asanakwatire.

Lamara anadina. Lapansi linachoka.
Anadinanso. Lapamwamba linachoka.
Kunatsala Otar yekhayekha, mnyamata wosamera ndevu bwino,
mpweya wake ukumveka akamaukoka,
ndi kachifuwa kamene anzake ankamubisira zaka zonsezi.
Ndinanyada, ndisaname.
Miyezi yanga khumi ndi isanu ndi itatu inali m'kuyera kwa liwulo.

Mkuluyo anamvetsera mphindi imodzi, mwinanso sinakwane.
Kenaka anagwira Lamara pamkono.
"Abwezereni anzake.
Sanaimepo yekha chonchi. Akuzizidwa."

Anawabwezera.
A Besarion anaika chipewa pa tebulo, pamwamba pa ziwerengero zanga,
nakonza pakhosi, nalowa pa liwu lapansi,
limene kwawoko saliimba munthu mmodzi.
Liwu lawo linali losasa, lonjenjemera m'mbali,
koma linagwera pomwe paja,
pakati pa mabatani awiri,
pamalo opanda dzina m'mabuku onse a m'shelefu.
Kompyuta, imene tinaiwala kuizimitsa,
inajambula mzere wachinayi utagona pa wachitatu
ndipo sinalembe kanthu.

Nambala ya pakhoma sinasinthe tsikulo.
Palibe amene adzatchule A Besarion m'munsi mwa tsamba.
Atapita, Lamara anapukuta magalasi nthawi yaitali,
natsegula kope latsopano, nalisiya lotsegula.
"Mawa ulawirire," anatero osandiyang'ana.
"Tawaphunzitsa makinawa kulekanitsa anthu.
Sitinawafunse kuti liwu likatsamira pa linzake
chimene chimalemera pamenepo nchiyani."

Ndikulembabe yankho lake. Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi,
ndipo mpando uja sunakonzedwe.